Nyimbo Ija Yayamba, Wina Alira

Amayi anga sanaonerepo sewero la ku Korea ngakhale limodzi kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Malo awo anali pa mpando wa pakona, lichero pa miyendo, akusankha mpunga kapena kutola timiyala mu nyemba, kanema atamufulatira pang'ono. Ife ana ndiye tinkaunjikana pa mkeka, maso ali tong'o, kulimbana ndi timawu ta Chingerezi tothamanga m'munsi mwa chithunzi. Koma amene ankayamba kudziwa zoti zichitike anali iwowo. Piyano ikangogunda kawiri katatu, ankangoti, ali chiweramire: "Nyimbo ija yayamba. Wina alira." Mphindi siinkatha, munthu wa pa kanemayo misozi ili mbwembwembwe, achemwali anga nawonso akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Sewerolo linali Stairway to Heaven, limene wailesi ya kanema ya SBS inaonetsa kumapeto kwa 2003 mpaka kumayambiriro kwa 2004. Kwathu ku Bangwe linafika patapita zaka, pa madiski aja ogula mu Limbe, opanikiza magawo khumi pa diski imodzi, moti nkhope za anthu zinkaoneka ngati ukuzipenyera pa zenera la nthunzi. Nyimbo imene amayi ankangoitchula kuti "ija" inali ya Kim Bum-soo, mutu wake Bogoshipda. Ndinadzadziwa nditakula kuti mawu amenewa m'Chikoreya amatanthauza kuti "ndikufuna kukuona", ndipo ndi mmene iwo amanenera kuti "ndakusowa". Tsono m'sewerolo mtsikana amene nkhani yagona pa iye, yemwe ankaseweredwa ndi Choi Ji-woo, amadwala khansa ya m'maso n'kusiya kuona. Tsiku limene ndinalumikiza ziwirizi thupi linachita tsembwe. Nyimboyo inatuluka mu 2002, sewero lisanakhaleko, kutanthauza kuti siinalembedwere nkhaniyo. Munthu wina anangokhala pansi, n'kuimvetsera, n'kuti: iyi ikakhale apa.

Tsiku lina ndinawafunsa. "Amayi, mumadziwa bwanji poti simuonera, chilankhulochonso simuchimva?"

Anaseka. Amayi analowa Mvano ine ndisanabadwe, ndipo maliro amene agonako sangawerengeke. "Iwe, pa siwa si aliyense amayambitsa nyimbo. Woyambitsa amadikira. Akafulumira, anthu amangoyang'anana. Akachedwa, anamfedwa amalira mpaka kukomoka opanda chowagwiriza. Wa m'filimu yanuyi amaidziwa nthawi yake."

Ndawerenga zambiri kuyambira nthawi imeneyo za mmene nyimbozi zimapangidwira, koma sindinapeze amene anazifotokoza kuposa pamenepo. Ku Korea amazitcha OST, ndipo sewero lililonse limakhala ndi mkulu woona za nyimbo, yemwe ndiye woyambitsa uja ankanena amayi. Kwa zaka zambiri masewero ambiri ankakhala a magawo 16 kapena 20, gawo lililonse lotenga ola kapena kupitirira, ndipo amaonetsedwa awiri pa sabata, mwina Lolemba ndi Lachiwiri, mwina Lachitatu ndi Lachinayi, mwina kumathero a sabata. Ndiye kuti kwa miyezi iwiri woonera amakhala m'manja mwa munthu ameneyu. Akakhala waluso sakukhuthulira nyimbo yonse tsiku loyamba. Amayamba ndi kachidutswa ka piyano pamene anthu awiri angopenyana pa msewu. Sabata yotsatira kachidutswa komweko kamabwera ndi vayolini. Mawu a woimba amadzamveka mtima wako utazolowera kale kanjirako. Pofika gawo la 12, chala chikangokhudza piyano, kukhosi kwamanga kale, nkhani isanachite n'komwe kanthu. N'chimodzimodzi nkhuku: ukamaziitana mofanana nthawi zonse pothira madeya, tsiku lina zimadzathamanga ngakhale m'manja mulibe kanthu. Ine ndine nkhuku yotero, ndipo ndinavomera kalekale.

Pali malondanso pamenepa, ndipo eni ake sabisa. Kale nyimbo zonse za sewero zinkatuluka pamodzi pa chimbale. Masiku ano zimatuluka imodziimodzi pa intaneti sewero lili mkati, Part 1, Part 2, mpaka kupitirira khumi, kuti nyimbo imene yakuliza usiku uipeze msanga pa Melon, tsamba lawo lomvererapo nyimbo, kapena pa YouTube mtima usanazizire. Gawo likamatha amaimitsa chithunzi pa nkhope ya munthu, pakamwa pali yasa, nyimbo n'kukwera mwamphamvu. Umagona nayo m'mutu, n'kudzukanso nayo.

Si onse oyambitsa amene amadziwa kudikira. Boys Over Flowers ya mu 2009 pa KBS, imene inatchukitsa Lee Min-ho, inali ndi nyimbo ya gulu la T-Max yotchedwa Paradise. Nyimbo imeneyo inkalira anthu akasangalala, inkalira akayambana, inkalira munthu akangotsika m'galimoto. Mlongo wanga wamng'ono, amene nthawiyo anali sitandade 3, anaigwira n'kumaikuwa m'bafa m'mawa uliwonse mpaka aneba anafunsa ngati mwanayo ali bwino. Amayi anangoti, "Uyu ndiye woyambitsa waphuma." M'sewero lomwelo munali nyimbo ina yodekha, Because I'm Stupid ya SS501, gulu la Kim Hyun-joong amenenso ankasewera momwemo, ndipo imeneyo ndimaimverabe. Koma ndinene zoona: mukanditchulira Boys Over Flowers lero, imene imatulukira m'mutu ndi yaphuma ija. Kubwereza kumagwira ntchito ngakhale popanda luso, ndipo zimenezi zimandinyansa pang'ono.

Abambo ankati masewero athuwa ndi otayitsa nthawi, mpaka tsiku limene mlamu wawo anabweretsa Jumong, nkhani ya munthu amene anayambitsa ufumu wakale wa ku Korea wa Goguryeo. Imeneyo inali ya MBC ya ku Korea, osati yathuyi, ndipo inayenda mu 2006 ndi 2007, magawo 81. "Izi ndiye nkhani," ankatero, "mahatchi ndi mauta, osati zolira zanuzo." Koma m'menemo munali nyimbo ya mayi wa mawu akuluakulu dzina lake Insooni, amene bambo ake anali msilikali wakuda wa ku America, ndipo inali yolira kuposa zathu zonse. Loweruka lina ndinawapeza kuseri kwa nyumba akumata chubu cha njinga, akuiliza ndi likhweru pang'onopang'ono. Atandiona anatsokomola n'kundituma madzi.

Pa nyimbo za nthawi imeneyo, imene imaima payokha ndi Onara ya mu Dae Jang Geum, sewero la mu 2003 la magawo 54, la mtsikana wophika kunyumba ya mfumu amene anadzakhala sing'anga wa mfumuyo. Imaimbidwa ndi ana, m'kaimbidwe ka makolo a ku Korea, mawu akugwedera ndi kukokedwa mwa njira imene simungaisokoneze ndi ya dziko lina. Zambiri mwa nyimbo zinazi, mutachotsa chilankhulo, zikhoza kukhala za kulikonse kumene kuli piyano. Iyi ayi. Ana a m'mudzi mwathu anaisandutsa nyimbo yosewerera fulaye, mawu ake atawapinda mpaka kumveka ngati Chilomwe.

Ndiye pali amayi atatu amene mawu awo ndimawazindikira ngakhale nditatembenuka: Baek Ji-young, Lyn ndi Gummy. Baek Ji-young ali ndi mawu osasa pang'ono, ngati munthu amene walira kale asanalowe mu situdiyo. Mu Secret Garden ya 2010 anaimba That Woman, kenako Hyun Bin, yemwe ankasewera mwamuna wa m'nkhaniyo, anaimba nyimbo yomweyo mutu wake uli That Man. M'nkhaniyo mizimu ya mwamuna ndi mkazi imasinthana matupi, ndiye taonani nzeru yake: nayonso nyimbo inasintha thupi. Hyun Bin si katswiri woimba, ndipo kuperewera kwakeko ndiko kumakometsa. Lyn anaimba Back in Time mu The Moon Embracing the Sun mu 2012, n'kubweranso ndi My Destiny mu My Love from the Star, imene inamupatsa mphoto ya Baeksang mu 2014. Gummy ndiye wa You Are My Everything ya mu Descendants of the Sun, 2016. Imeneyi ndinadzaimva pa ukwati wina ku Lilongwe, akwati akulowa mu holo, ndipo tinapenyana ndi mtsikana wina wosamudziwa pa tebulo lapafupi, tonse tikumwetulira ngati anthu obisirana chinsinsi.

Nthawi imeneyo madiski anali atatha ntchito. Ndinali nditayamba ntchito ku Lilongwe, ndipo masizoni tinkapatsirana pa fulashi ku ofesi. Ndi mmene ndinaonera Goblin ya tvN, imene inayamba mu Disembala 2016 n'kutha mu Januwale 2017. Gong Yoo amasewera mkulu wa asilikali wa nthawi ya ufumu wakale wa Goryeo amene wakhala ndi moyo zaka zoposa 900, lupanga lili chibayire pachifuwa, ndipo amene angalizule ndi mkwatibwi wake yekha, koma likazuka ndiye kuti iye wapita. Woona za nyimbo anali Nam Hye-seung, ndipo m'sewero limeneli ndiye anasonyeza kuti ntchito amaidziwa. Muli Stay With Me ya Chanyeol ndi Punch, muli Beautiful ya Crush, koma imene inagwedeza dziko lawo inali ya Ailee, I Will Go to You Like the First Snow, imene inakhala pamwamba pa mndandanda wa Gaon wa nyimbo za pa intaneti wa chaka chonse cha 2017.

Sinowo sindinaionepo. Ndinachita kuwerenga kuti kwawoko sinowo yoyamba ya chaka ndi nkhani ya okondana, kuti anthu amapangana kudzakumana tsiku limenelo. Poyamba ndinkangoti chabwino, ndi zawo. Koma madzulo ena a mu Okutobala, kutatentha kwa masabata, kunagwa mvula ya chizimalupsa ndili pa siteji kudikira minibasi, nyimboyo ili m'makutu. Fungo la dothi litakwera, anthu akuthawira pa makhonde a mashopu uku akuseka, ndinamva chimene Ailee ankakuwira. Chinthu chimene wachidikira nyengo yonse, chosauza munthu tsiku lake, chikangofika umafuna wina wako akhale pafupi. Kuyambira pamenepo nyimbo imeneyo kwa ine ndi ya mvula.

Sewero limene nyimbo zake zinandisautsa maganizo kwambiri ndi Reply 1988, la mu 2015 ndi 2016. Mulibe mfumu kapena mwana wa mpondamatiki. Ndi mabanja asanu okhala m'kanjira kamodzi ku Ssangmun-dong mu mzinda wa Seoul, chaka chimene mzindawo unachititsa masewera a Olimpiki. Nthawi ya chakudya chamadzulo ana amatumidwa ndi mbale za ndiwo nyumba iyi ndi iyo, kupita ndi ichi n'kubwerako ndi icho, mpaka tebulo lililonse lidzaze. Nditaona zimenezo ndinaimitsa kaye laputopu, chifukwa ndi mmene tinkachitira ku Bangwe, kambale ka chigwada kudutsa pa mpanda n'kubwerako ndi usipa. Zinthu zikafika pochititsa manyazi, m'malo mwa nyimbo mumamveka kulira kwa mbuzi. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Nyimbo zake zazikulu sizinali zatsopano. Anatenga zakale n'kupatsa oimba a lero. Youth inali ya gulu la Sanulrim mu 1981, ndipo Kim Feel anaiimbanso limodzi ndi mwini wake, Kim Chang-wan, mnyamata ndi mkulu kulandizana mawu pa nkhani ya unyamata umene ukupita. A Little Girl inali ya Lee Moon-sae mu 1985, n'kuimbidwanso ndi Oh Hyuk. Don't Worry inali ya Jeon In-kwon, ndipo Lee Juck anaifewetsa mpaka kukhala ngati dzanja logwira paphewa. Ine zonsezi ndinazimva ngati zatsopano. Munthu wa ku Korea wa zaka 45 amene ankaonera ndi ana ake ankamva china chake chimene ine sindingachifikire: nyimbo za pa kaseti yake ya ku sekondale zikubwerera m'nyumba kudzera pakamwa pa achinyamata. Pamenepa woyambitsa sanavutike n'kuzoloweretsa anthu kwa masabata. Anapeza nkhuku zitazolowera kale kwa zaka 30.

Ndinachita nsanje, ndisaname. Ndinaganiza za sewero la kanjira kena ka mu Ndirande chaka chomwecho cha 1988, wailesi ya mabatire ili pa zenera, Robert Fumulani akulira, Allan Namoko ndi banjo yake, Alleluya Band ya ku Balaka, zonsezo zitaimbidwanso ndi ana a lero. Nyimbo tili nazo. Amayi akanasiya lichero n'kutembenuka.

Amuna anga sakonda masewerowa, ndipo tsiku lina tili pa ulendo wa ku Salima, foni yanga italumikizidwa ku wailesi ya m'galimoto, anafunsa mwaulemu: "Kodi inu, nyimbo zanuzi si imodzi yomweyo?" Ndinakwiya, koma sanalakwitse kwambiri. Piyano imayamba yokha, woimba amalowa monong'ona, mavayolini amaunjikana, ng'oma zimalowa pa vesi yachiwiri, kenako kukuwa kwakukulu chakumapeto. Khumi mwa khumi ndi ziwiri zimayenda choncho. Zina zimaikidwa chifukwa woimbayo ndi wa gulu lotchuka ndipo otsatira ake adzagula, osati chifukwa nkhani ikuzifuna. Munthu amene sanaonere sewerolo amangomva chigoba. Zimene ine ndikumva, nkhope, kanjira, ambulera pa mvula, mkeka wa ku Bangwe, iye alibe. Ndinasintha n'kuika Lucius Banda, ndipo tinafika ku Salima mwamtendere.

Koma pali imodzi imene sindingalole kuti aiike m'gulu limenelo. Ndi ya Sondia, ya mu My Mister ya 2018, mutu wake m'Chikoreya umatanthauza "munthu wamkulu". Siikuwa. Imayenda pansipansi ngati munthu wobwera ku ntchito wapansi atatopa. M'sewerolo woimba wotchedwa IU amasewera mtsikana womira m'ngongole, amene akusamala yekha agogo ake osamva, ndipo chakudya chake cha usiku nthawi zina ndi khofi wa m'timapaketi wotengedwa ku ofesi. Amaika kapulogalamu mu foni ya bwana wake kuti azimvetsera zonse zimene akuchita, cholinga chake chili choipa. Koma zimene amamva m'makutumo ndi mapazi a bamboyo akuyenda usiku, kupuma kwake, kuusa moyo kwake, ndipo pang'onopang'ono amazindikira kuti pali munthu winanso wolemedwa ngati iye. Bamboyo ankaseweredwa ndi Lee Sun-kyun, amene anamwalira mu Disembala 2023, ndipo kuyambira pamenepo mawu ake okhuthala aja ndimawamva mwa njira ina. Woyambitsa wa m'sewero limeneli ndiye wodikira weniweni. Amasiya bata litalike mpaka uyambe kumva mapaziwo, kenako nyimbo n'kulowa mwakachetechete ngati munthu wosafuna kudzutsa ana.

Chaka chatha amayi anagonekedwa m'chipatala kwa masiku 11, ine ndili gadiyani. Amene munakhalapo gadiyani mukudziwa usiku wake: chitenje choyala pansi pambali pa bedi, fulasiki ya phala, kubuula kwa wodwala wa bedi lachitatu, nsapato za anamwino zikudutsa pa khonde. Tulo sitinkabwera. Ndinkaika mahedifoni n'kumvetsera nyimbo ya Sondia mobwerezabwereza, voliyumu ili pansi kuti ndizimvanso kupuma kwa amayi. Usiku wachinayi ndinazindikira kuti ndikuchita zomwe mtsikana uja ankachita, kumvetsera kupuma kwa munthu mu mdima.

Usiku wachisanu ndi chiwiri anadzuka mutu utawapepuka. Anandiona ndi timawaya m'makutu.

"Ukumvera chiyani usiku uno?"

"Nyimbo za Akoreya zija, amayi."

"Ukadali nazobe? Tandipatsa ndimveko."

Ndinafufuza mu foni mpaka ndinaipeza ya Kim Bum-soo, n'kuwaika kamodzi m'khutu, kenako kali mwanga. Piyano inagunda. Anatsinzina. Patapita kanthawi anati, "Ndi ija." Anamvetsera mpaka pakati, milomo ikugwedera pang'ono ngati akufuna kuitsatira.

"Mtsikana uja anatha bwanji? Tsiku lomaliza ndinali ku maliro a kwa aphiri."

"Anamwalira, amayi. Kunyanja, ali ndi mnyamata uja."

"Ndinadziwa," anatero. "Nyimboyo inanena kalekale." Anachotsa kahedifoni n'kundibwezera. "Zimitsa, batire lithe nanga achemwali ako akaimba m'mawa? Tandithirireko phalalo ngati likadali lofunda."